Tisananenerere Mtengo, Tiyambe Tawerenga Tayala

Ena a ife takhala zaka zambiri ku Roysambu, kuno ku Nairobi, tikusaka ya mchere ndi sopo.

Amene anafikapo kuno akudziwa kuti Roysambu ndi pamphambano. Msewu waukulu wa Thika umadutsa pomwepa, msewu wa Kamiti umapatukira pomwepanso kulowera ku Zimmerman ndi ku Kahawa West, ndipo tsidya linalo kuli msewu wopita ku Kasarani ndi ku Mwiki. Pamalo pochuluka magalimoto chotere sipalephera kuchuluka ogulitsa matayala. Munthu akanyamuka wapansi pa Thika Road Mall n'kutsata msewu wa Kamiti, amaona matayala a mitundumitundu: ena atsopano okulungidwa m'mapepala onyezimira, ena akale opakidwa mafuta kuti aoneke akuda bii, ena ounjikidwa panja dzuwa likuwaomba tsiku lonse. Anyamata oitanira makasitomala amadziwa kuyang'ana pansi pa galimoto asanayang'ane nkhope ya mwini wake, ndipo akamva Chiswahili chathu chopunduka amadziwiratu kuti wabwerayu ndi mlendo.

Taganiza zolemba nkhaniyi chifukwa taona kuti ambiri a ife timapita kukagula matayala titanyamula funso limodzi lokha, lakuti kodi ndi ndalama zingati. Maganizo athu ndi akuti funso limeneli liyenera kukhala lomaliza. Munthu wagula bwino ngati waika tayala loyenera galimoto yake, lopangidwa posachedwa, lomangidwa ndi munthu wodziwa ntchito, pa mtengo umene anagwirizana ntchito isanayambe. Wotsitsa mtengo koma n'kulephera chimodzi mwa zimenezi sanapindule kanthu, ngakhale atabwerera kunyumba akudzitama kuti wamugonjetsa wogulitsa.

Chifukwa chake timaumira pa matayala

Tisanadzudzulane, tivomereze kaye chimene chimatichititsa. Ndalama za munthu wokhala kunja zimakhala ndi eni ake zisanafike m'thumba. Kuli fizi ya ana a malemu achimwene, kuli feteleza wa mayi kumudzi, kuli mankhwala a agogo, kuli njerwa za nyumba imene tinayamba kalekale koma sinafike pa denga. Kuno nakonso lendi siyembekeza. Mwezi ukafika pakati timayamba kusankha zoti tidikire nazo, ndipo tayala limakhala loyamba kukankhidwira mwezi wamawa, popeza silidandaula. Injini ikavuta imatsokomola, batire ikatha galimoto imakana kulira, koma tayala lakutha limagudubuzika mwakachetechete mpaka tsiku limene lidzatikane pamalo oipitsitsa.

Chimene timaiwala ndi chakuti anthu onse aja amene tawatchula akudalira munthu mmodzi amene wakhala pa chiwongoleroyo. Tonse tinasonkhapo ndalama zotumizira maliro kumudzi, ndipo tikudziwa kuti kunyamula thupi pa ndege kumadya ndalama zoposa mtengo wa matayala a magalimoto angapo. Tikudziwanso zimene zimachitika kumudzi ndalama za mwezi ndi mwezi zikaleka kufika. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu lipoti lake la 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi zapamsewu chaka chilichonse, ndi kuti poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chimataya ambiri. Si ngozi zonse zimene zimayamba ndi tayala, koma mwa zinthu zambiri zobweretsa ngozi, tayala ndi chimodzi mwa zochepa zimene zili m'manja mwathu. Dalaivala wa matatu amene akutipanikiza sitingamulamule, mvula sitingailetse, koma tayala timasankha tokha.

Galimoto yonse, ndi ana athu ali m'kati, imakhudza msewu pa malo anayi okha, ndipo malo alionse kukula kwake n'kofanana ndi chikhatho cha munthu wamkulu. Mabuleki amaimitsa tayala, koma chimene chimaimitsa galimoto ndi tayala logwira phula. Tingalande timene tinasemedwa pa tayala ntchito yake ndi kutaya madzi kuti labala akhudze msewu. Tayala latsopano limakhala ndi tingalande takuya pafupifupi mamilimita 8. Tikaphwa, madzi amasowa kothawira, tayala limayamba kuyandama pamwamba pa madzi, ndipo nthawi imeneyo chiwongolero ndi mabuleki zonse zimakhala zopanda ntchito. Msewu wa Thika, umene Pulezidenti Mwai Kibaki anautsegulira mu Novembala 2012, ndi wotakasuka ndipo umakopa munthu kuthamanga. Nairobi ali ndi nyengo ziwiri za mvula, ina kuyambira Malichi mpaka Meyi, ina kuyambira Okutobala mpaka Disembala, ndipo amene tinali kuno mu 2024 tikukumbukira mmene madzi anasefukira m'misewu. Liwiro, madzi ndi tayala losalala zikakumana, luso la dalaivala silithandiza.

Zimene tinaphunzira pa sitolo ina

Mu Novembala 2024 ena a ife tinaperekeza mnzathu kukagula matayala awiri pa sitolo ina ya kuno. Anali ndi ndalama zochepa ndipo anafuna akale. Wogulitsa anatulutsa awiri ooneka bwino kwambiri, tingalande tikadali takuya, akuda ngati angotuluka kumene m'fakitale, ndipo mtengo wake unali pafupifupi theka la atsopano. Mnzathuyo anali atatulutsa kale foni kuti alipire pa M-Pesa pamene mwana wake wamkazi, amene anaphunzira zimenezi pa sukulu yoyendetsa galimoto, anagwada n'kuwerenga manambala a m'mbali mwa tayala. Anapeza 3216. Anati, "Ababa, tayala ili ndi la chaka chimene ndinali Sitandade 5." Linapangidwa sabata ya 32 ya chaka cha 2016, kutanthauza kuti linali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Titapukuta mafuta aja ndi kansalu tinaona ming'alu yaing'onoing'ono pakati pa tingalande, ndipo m'kati mwa linalo munali chigamba chachikulu pafupi ndi m'mbali.

Wogulitsayo sanakangane nafe. Anangoseka n'kubweza matayalawo pamulu, kuyembekezera wina wosadziwa kuwerenga. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Tsiku limenelo tinazindikira kuti tayala limanena lokha mbiri yake yonse, ndipo chimene chinkatisowa ndi kugwada n'kuwerenga.

Mmene tingawerengere tayala

Choyamba ndi saizi. M'mbali mwa tayala mumalembedwa monga 185/65 R15 88H. Nambala yoyamba, 185, ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri, 65, ikunena kuti msinkhu wa m'mbali ndi magawo 65 pa 100 alionse a kutambalalako. Chilembo R chikuimira kapangidwe kamene kampani ya Michelin inalembetsa mu 1946, kamene pafupifupi magalimoto onse ang'onoang'ono amagwiritsa ntchito masiku ano. Nambala 15 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Nambala 88 ikunena za katundu: tayala limeneli lingasenze makilogalamu 560. Likanakhala 82 likanasenza makilogalamu 475, likanakhala 91 likanasenza 615. Chilembo chomaliza ndi cha liwiro: T ndi makilomita 190 pa ola, H ndi 210, V ndi 240.

Saizi yoyenera galimoto yanu sitiifunsa kwa wogulitsa, ndiponso sitingodalira tayala limene lilipo kale, pakuti mwini wake woyamba angakhale atasintha. Imalembedwa pa kapepala kapena kachitsulo kamene kamakhala pa felemu ya chitseko cha dalaivala, pamodzi ndi muyeso wa mpweya. Wogulitsa amene alibe saizi yanu adzakuuzani kuti ina imene ali nayo ikwana bwinobwino, kapenanso kuti ikweza galimoto kuti isamagunde pa mahampu. Kukwana pa limu n'kosavuta, koma tayala lalikulu mopitirira limasokoneza wotchi ya liwiro ndipo limatha kukhula m'matigadi galimoto ikadzaza. Choopsa kwambiri ndi kutsika pa nambala ya katundu, makamaka kwa ife amene popita kumudzi timadzaza galimoto mpaka kumbuyo kukhala pansi.

Chachiwiri ndi chaka. Funani zilembo zakuti DOT, ndipo kumapeto kwa mzere umenewo mupeza manambala anayi, kawirikawiri ali m'kabokosi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka. Nthawi zina amalembedwa mbali imodzi yokha, choncho litembenuzeni. Kalembedwe ka manambala anayi kanayamba m'chaka cha 2000. Mukapeza atatu okha, tayala limenelo ndi la zaka za m'ma 1990 kapena kale kuposa apo, ndipo malo ake ndi kudimba kodzalamo maluwa. Labala amakalamba ngakhale tayala lisanayendepo. Amauma, amang'aluka, ndipo amasiyana pang'onopang'ono ndi mawaya a m'kati. Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka zisanu liziyesedwa chaka ndi chaka ndi munthu wodziwa, ndipo likakwana zaka khumi lichotsedwe ngakhale likuoneka labwino. Makampani ena opanga magalimoto amati zaka zisanu ndi chimodzi. Pogula latsopano, ife timafuna lopangidwa chaka chomwecho kapena chapitacho. Lokhalitsa m'sitolo zaka zitatu kapena zinayi latha kale gawo la moyo wake, ndipo mtengo wake uyenera kusonyeza zimenezo.

Chachitatu ndi cha magalimoto ochokera ku Japan, amene ndi ambiri kuno monganso kwathu. Dziko la Kenya salola kuitanitsa galimoto yakale yopitirira zaka zisanu ndi zitatu, ndipo ambiri amaitanitsa yoyandikira malire amenewo chifukwa ndiyo yotsika mtengo. Galimoto yotere imatha kufika pa doko la Mombasa ndi matayala amsinkhu wofanana ndi iyo yomwe. Inanso imafika ndi matayala a nyengo yachisanu, olembedwa STUDLESS kapena okhala ndi chithunzi cha phiri, odziwika ndi timizere tambirimbiri tating'ono tokhotakhota. Mayina ake ena ndi Blizzak, iceGUARD ndi Winter Maxx. Ndi matayala abwino kwawo kumene kumagwa chipale chofewa, koma labala wake ndi wofewa, moti pa phula lotentha amatha msanga ndipo galimoto imatenga mtunda wautali kuti iime. Poti tingalande take timakhala takuya, amanyenga maso, ndipo ambiri amathera pamulu wa matayala akale n'kugulitsidwa ngati apamwamba. Amene mumatumiza magalimoto kumudzi kudzera ku Dar es Salaam kapena ku Beira, auzeni abale akayang'ane zimenezi galimoto ikangofika.

Chachinayi ndi kuya kwa tingalande. M'kati mwa tingalandemo muli timilatho tating'ono totalika mamilimita 1.6. Labala akatha mpaka kufanana ndi timilathoto, tayala latha. Muyeso wa mamilimita 1.6 ndi umene uli malire a lamulo ku Britain ndi m'mayiko a European Union, koma odziwa za chitetezo chapamsewu ambiri amalangiza kusintha pa mamilimita 3 chifukwa cha mvula. Chenjeraninso ndi tayala losemedwanso ndi mpeni wamoto kuti lioneke ngati lili ndi tingalande. Kusema kotere n'kololedwa pa matayala ena a malole olembedwa REGROOVABLE, amene anapangidwa ndi labala wochindikala. Pa galimoto yaing'ono mpeniwo umafika pafupi ndi mawaya.

Nkhani ya kaunjika

Chimene kwathu timati kaunjika kuno amati mitumba, ndipo ife sitinyoza kaunjika. Tinakulira m'malaya a kaunjika, ana athu amavala nsapato za ku Gikomba, ndipo palibe anafapo ndi jekete yakale. Malaya akang'ambika munthu amangochita manyazi. Tayala likang'ambika pa liwiro la makilomita 100 pa ola, nkhani imakhala ina.

Vuto la tayala lakale ndi lakuti zoopsa zake zambiri zili m'kati. Sitidziwa ngati linagunda dzenje n'kuduka ulusi, ngati linayendetsedwa lopanda mpweya, kapena ngati linachotsedwa pa galimoto imene inachita ngozi. Mwini wake woyamba anali ndi chifukwa cholisiyira, ndipo chifukwacho sitiuzidwa. Lamulo la kasitomu la mayiko a East African Community la 2004 linaika matayala ogwiritsidwa kale ntchito a magalimoto ang'onoang'ono pa mndandanda wa katundu woletsedwa kulowa m'mayikowa. Munthu akamatitamandira kuti awa ndi a kunja, angofika kumene, tizidzifunsa kuti anadzera njira iti, nanga ndani anawayesa.

Wina anena kuti n'zosavuta kulemba chonchi, koma m'thumba mukakhala mulibe, tayala lakale likuposa kuyenda ndi losalala. Mfundoyi ili ndi choona chake, ndipo tsiku limene tayala laphulika pa 20 mwezi usanathe, ife tomwe tingagule lakale lowerengedwa bwino kuti tifike pa malipiro. Koma tisadzinamize kuti tapulumutsa ndalama. Tiyeni tiwerengere limodzi ndi mitengo yongoyerekeza. Tinene kuti latsopano ndi mashilingi 7,000 ndipo lili ndi mamilimita 8, kuchotsapo 1.6 kutsala 6.4 oti tiyendere, ndiye kuti milimita imodzi tagula pafupifupi mashilingi 1,100. Tinenenso kuti lakale ndi mashilingi 3,000 ndipo lili ndi mamilimita 3.5; kuchotsapo 1.6 kutsala 1.9, ndiye kuti milimita imodzi tagula pafupifupi mashilingi 1,600. Pamene latsopano lija likutha, tidzakhala titagula akale atatu, n'kulipira omanga katatu. Ikanimo mitengo yeniyeni ya kumene mukukhala ndipo muone nokha.

Sitikunenanso kuti aliyense agule Michelin, Bridgestone kapena Pirelli. Msika unasintha. Kampani ya Sameer Africa, imene inayamba mu 1969 ndi dzina la Firestone East Africa ndipo inkapanga matayala a Yana pa msewu wa Mombasa, inatseka fakitale yake mu 2016 ponena kuti sinkatha kupikisana ndi matayala otsika mtengo ochokera kunja, makamaka ku China ndi ku India. Kutsekako kunachotsa anthu ntchito, koma kunasonyezanso mmene matayala atsopano a mtengo wapakati anachulukira. Kwa banja loyenda kuchokera ku Roysambu kupita kuntchito, kusukulu ndi kutchalitchi, tayala latsopano la dzina losatchuka kwambiri, la saizi yoyenera ndi chaka chabwino, logulidwa pa sitolo yopereka lisiti, likuposa tayala la dzina lalikulu la zaka zisanu ndi zitatu. Funsani oyendetsa matakisi, amene amayenda makilomita ambiri pa tsiku, kuti ndi mtundu uti umene ukuwakhalitsa. Iwo alibe chifukwa chokunamizani.

Dzina lalikulu nalonso si chishango ngati tayala silisamalidwa. Mu Ogasiti 2000 kampani ya Bridgestone/Firestone inaitanitsa matayala 6.5 miliyoni ku America, ambiri a iwo a pa magalimoto a Ford Explorer, chifukwa chikopa chapamwamba chinkasupuka galimoto ili pa liwiro. Anthu oposa 200 anafa, ndipo ngozi zambiri zinachitika m'madera otentha. Chaka chomwecho boma la America linakhazikitsa lamulo limene linachititsa kuti kuyambira mu 2007 magalimoto atsopano azikhala ndi kachipangizo kochenjeza mpweya ukachepa. Phunziro lake ndi lakuti kutentha ndiko mdani wa tayala, ndipo mpweya wochepa, katundu wolemera ndi liwiro la maola ambiri ndizo zimalitenthetsa. Zitatu zonsezi zimakumana pa ulendo wathu wa Disembala: kuchoka ku Nairobi kudzera pa Namanga, Arusha, Dodoma, Iringa ndi Mbeya, kuwoloka Songwe, kudutsa Karonga, kukwera Chiweta, mpaka ku Lilongwe, makilomita pafupifupi 2,000, galimoto itadzaza masutikesi ndi mphatso za abale.

Mtengo wa ntchito yonse

Tikawerenga tayala n'kukhutira, apo ndiye tinenerere, ndipo tinenerere popanda manyazi, pakuti mbewa ya manyazi inafera kuuna. Eni dziko amafunsa kuti bei ya mwisho, kutanthauza mtengo womaliza, ndipo ife tiwonjezere kuti womaliza wa ntchito yonse. Malo ambiri amatchula mtengo wa tayala lokha kuti atikope, ndipo galimoto ikakhala pa jeke, magudumu ali pansi, ndi pamene zina zimatulukira. Nthawi imeneyo munthu ulibe mphamvu yokana.

Tisanapereke makiyi, tifunse ngati mtengowo ukuphatikizapo kuchotsa lakale ndi kumanga latsopano, valavu yatsopano pa gudumu lililonse, kubalansa magudumu pa makina, ndi msonkho wa VAT umene kuno ndi 16 peresenti. Tifunsenso mtengo wa alayimenti, ndipo ngati tikugula anayi tipemphe kuti ilowe momwemo kapena itsitsidwe. Tichite chimodzimodzi pa masitolo atatu, ngakhale pa foni, ndipo tilembe. Kawirikawiri amene anayamba ndi mtengo wotsika samaliza ndi wotsika. Mitengo ya pa intaneti ndi yothandiza podziwa poyambira, koma tayala likabwera pa njinga yamoto tiliwerenge chaka tisanalipire, ndipo tikumbukire kuti fundi womanga tayala limene sanagulitse adzalipiritsa payekha ndiponso sadzayankha likavuta.

Tizinthu tating'ono timeneti n'tofunika. Valavu ndi ya labala ndipo imakalamba pamodzi ndi tayala. Kuisiya yakale ndiko kuyamba kupopa sabata iliyonse. Gudumu losabalansa limanjenjemeretsa chiwongolero pa liwiro ndipo limawononga tayala ndi zitsulo za kumiyendo. Alayimenti yolakwika, imene maenje ndi mahampu amabweretsa, imatha kudya mbali imodzi ya tayala latsopano m'miyezi yowerengeka. Yang'anani akale amene mukuchotsa: ngati atha mbali imodzi yokha, vuto ndi alayimenti kapena zitsulo zakutha, ndipo atsopano adzatha chimodzimodzi. Ngati atha m'mbali zonse ziwiri pakati pali bwino, munkayenda ndi mpweya wochepa. Ngati atha pakati pokha, munkapopa mopitirira.

Ntchito ikamachitika tisapite kukamwa tiyi. Tiime pomwepo mwaulemu. Tione kuti amene akulowa pa limu ndi omwe aja tinawerenga. Ngati tayala lili ndi muvi ndi mawu akuti ROTATION, muviwo uloze kumene gudumu limazungulira galimoto ikamapita kutsogolo. Ngati lalembedwa OUTSIDE, mbali imeneyo ikhale kunja. Manati ayambe kumangidwa ndi dzanja ndipo amalizidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu, chifukwa makina a mpweya amamanga mopitirira, mwakuti tsiku lodzaphwa tayala usiku panjira mayi kapena bambo adzalephera kumasula. Mpweya ukhale umene walembedwa pa chitseko, osati nambala ya pa tayala, imene ndi malire apamwamba chabe. Magalimoto a ku Japan amalemba mu kPa, ndipo 230 kPa ndi chimodzimodzi 2.3 bar kapena 33 psi. Akakutsatsani mpweya wa nayitirojeni pa mtengo wapadera, kumbukirani kuti mpweya wamba umene tikupumawu uli kale ndi 78 peresenti ya nayitirojeni. Chofunika kwambiri ndi kuyeza kamodzi pa mwezi matayala ali ozizira. Pomaliza tengani lisiti lolembedwa mtundu, saizi ndi chiwerengero cha matayala, ndipo funsani kuti likatupa m'mbali mwezi woyamba adzachitapo chiyani. Uthenga wa M-Pesa umangosonyeza kuti ndalama zinapita. Sunena chimene munagula.

Ndalama zikaperewera

Ngati anayi sitingathe, tigule awiri ofanana, ndipo atsopanowo aikidwe kumbuyo, ngakhale galimoto ikhale yokoka ndi magudumu akutsogolo. Ambiri amatsutsa zimenezi, ngakhale amakaniko ena, koma opanga matayala amagwirizana pa mfundoyi: kutsogolo kukaterereka dalaivala amamva pa chiwongolero ndipo angachepetse liwiro, pamene kumbuyo kukaterereka galimoto imazungulira mwadzidzidzi. Amene muli ndi magalimoto okoka ndi magudumu onse anayi, monga Subaru imene imakondedwa kuno, werengani buku la galimoto yanu, pakuti ambiri a iwo amafuna matayala onse anayi ofanana kutha kwake. Tayala lobooka ndi msomali pakati lingamatidwe bwino kuchokera m'kati, koma long'ambika kapena lotupa m'mbali silimatidwa, ngakhale fundi alumbire bwanji. Sipeya nayonso tiziikumbukira. Yaing'ono ija imafuna mpweya wa 420 kPa ndipo siyenera kupitirira makilomita 80 pa ola.

Chachikulu ndi kusayembekezera kuti tayala litidzidzimutse. Tayala limatha pang'onopang'ono tikuona, ndipo amene amayang'ana mwezi ndi mwezi amadziwa miyezi isanu ndi umodzi pasadakhale kuti nthawi yayandikira. Kwathu tili ndi chipereganyu, kuno amati chama, ndipo timachigwiritsa ntchito pogula mipando, mafiriji ndi zovala za ukwati. Palibe choletsa kuti chigulenso matayala. Mutu umodzi susenza denga: mabanja anayi akapita limodzi kukafunsa mtengo wa matayala khumi ndi asanu ndi limodzi, wogulitsa amawamvera mosiyana ndi munthu mmodzi wofika ndi gudumu lophwa madzulo a Lachisanu. Ndipo tisagule sabata yonyamukira ulendo wa Khirisimasi, pamene masitolo adzaza ndipo amisiri akugwira ntchito mothamanga. Tigule mu Okutobala mvula isanalimbe, tiyende nawo masabata angapo, kuti ngati pali vuto lionekere pafupi ndi kumene tinagula.

Zimene talemba za Roysambu n'zoona ku Johannesburg, ku Harare, ku Leicester ndi ku Indiana, pakuti manambala a pa tayala amawerengedwa chimodzimodzi kulikonse. N'zoonanso ku Limbe ndi ku Malangalanga. Ambiri a ife tinagulira abale minibasi kapena kagalimoto ka takisi kumudzi, ndipo timalandira uthenga wakuti matayala atha, tumizani ndalama. Tisamangotumiza. Tiwapemphe chithunzi cha manambala anayi aja ndi cha lisiti. Ena adzaona ngati sitikuwakhulupirira, koma tiwafotokozere kuti m'galimoto imeneyo mumakwera ana a anthu, ndipo pepala la COF silisintha zaka za tayala.

Pempho lathu ndi laling'ono. Loweruka likudzali, musanapite kumsika, gwadani pafupi ndi galimoto yanu pamodzi ndi amayi a kunyumba kapena abambo a kunyumba ndi ana amene ayamba kuyendetsa. Werengani chaka pa matayala onse asanu, fufuzani timilatho tija, yang'anani ming'alu ndi zotupa, ndipo lembani saizi ya pa chitseko m'foni mwanu. Ndi ntchito ya mphindi khumi. Mukapeza lopitirira zaka zisanu ndi chimodzi kapena lofika pa timilatho, yambani lero kupatula ndalama, ndipo tikadzakumana mudzatiuze zimene munapeza ndi kumene munagula bwino, kuti amene wangofika kumene m'dziko lino asadzayambire pa mulu wa kaunjika monga tinayambira ife.